Zimene Sefa Imakana

Pusi wa m'mwambi uja sadagwe chifukwa cha njala. Adali mu mtengo wobala, zipatso zili mbwee, dzanja ili pa ichi, linalo pa icho, phazi likufunanso china, mpaka padasowa chogwirira nthambi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ndili mwana ndinkaumva mwambiwu pa mphasa, pamene wina wa ife wasusuka ndi ndiwo. Sindinkadziwa kuti udzandilondola mpaka ukulu, n'kundipeza nditawerama pa tebulo m'kachipinda kozizira pa boma pa Dedza, chitsulo chowotcherera chili m'manja, ndikulimbana ndi kachipangizo kamene ntchito yake yonse ndi kukana.

Azungu amakatcha filter, dzina limene amakanika a galimoto adalipinda kale n'kukhala fyuluta. Ine ndimangoti sefa, pakuti ndi sefa ndithu, kungoti m'malo mwa ufa mumadutsa mawu. Sefayi ndiyo mtima wa synthesizer, makina oimbira amene amatulutsa mawu kuchokera ku mphamvu ya magetsi, popanda nsambo, chikopa kapena mpweya wa m'chifuwa. Anyamata ojambula nyimbo masiku ano ali nawo makinawa mu kompyuta ngakhale mu foni, ndipo sindikuwanyoza. Koma ine ndinkafuna a mawaya enieni, onunkha mtovu, oti ndikawakhudza ndi chala azindiyankha.

Choyamba ndidapanga cholira. Chimenecho sichivuta: kachipi ka miyendo isanu ndi itatu kotchedwa 555, kamene kadatuluka mu 1972 koma mpaka lero kakupangidwabe, marezisita awiri, kapasita imodzi, batire la mavoti 9 ndi sipika yochotsa mu wailesi yakufa. Nditalumikiza waya womaliza, m'nyumba mudamveka ngati bemberezi watsekeredwa m'chitini. Mwana wa mlongo wanga, kamtsikana ka sitandade 5 kamene ndimakhala nako, adasiya mbale zimene ankatsuka n'kubwera atagwira makutu.

"Malume, chimenechi ndiye mwakhala mukuchezera masiku onsewa?"

Ndidasowa choyankha. Mwanayo sadalakwe. Chinthucho chinkalira moipa, ndipo kuipa kwake kudali koti chinkanena zonse nthawi imodzi.

Liwu lililonse la nyimbo limayenda ngati thadzi ndi anapiye ake. Nsambo ikamanjenjemera ka 110 pa sekondi, timamva liwu limodzi, koma m'kati mwake muli ena obisala: wa 220, wa 330, wa 440, kumangokwera choncho, aliyense wamng'ono ndi wakuthwa kuposa mnzake. Thadzi ndilo limatiuza kuti nyimbo ili pati, koma anapiye ndiwo amatiuza kuti akuimba ndani. Kaligo ndi chitoliro zitha kugwira liwu limodzi, khutu n'kuzisiyanitsabe mumdima, chifukwa china chabwera ndi anapiye ambiri aphokoso, china ndi awiri atatu ofatsa. Ka 555 kanga kankatulutsa khola lonse, ndi zinziri zomwe.

Amene adandiphunzitsa zoyenera kuchita ndi phokoso lotere sadaonepo rezisita chibadwire. Agogo anga aakazi, a ku Bembeke, ankaimba nkangala. Ndi uta wa bango, wopindika pang'ono, wa nsambo imodzi, umene Angoni adabwera nawo kuchokera kum'mwera, kumene Azulu amautcha umqangala. Ndi choimbira cha amayi, ndipo agogo ankati adachizolowera zaka zimene agogo aamuna adali ku Joni pa Wenela. Ankaika nsonga imodzi ya bango pa milomo, dzanja lamanja likukodola nsambo ndi kachitsotso, chala cha kumanzere chikumagunda nsamboyo apa ndi apo. Nsambo payokha inkapereka mawu awiri basi. Nyimbo yonse inkachokera m'kamwa. Akakweza lilime, akafutukula masaya, akachepetsa mpata wa kukhosi, m'kamwamo munkasankha mwanapiye mmodzi n'kumukweza, ena onse n'kuwagoneka. Ine ndinkakhala pafupi kwambiri, mutu pa ntchafu yawo, chifukwa nkangala siimveka patali. Woimba ndiye amaimva bwino, m'mafupa a m'mutu mwake.

Yesani nokha pomwe mulipo. Gwirani liwu limodzi osalikweza kapena kulitsitsa, munene kuti uuu, kenaka mutsegule pang'onopang'ono mpaka aaa, mumalize ndi iii. Kholingo silidasinthe kanthu. Chasintha ndi phanga limene mawu akudutsamo. Aliyense wolankhula Chichewa amasefa mawu tsiku lonse, ndipo mavawelo athu asanu aja ndi masefa asanu.

Dziko nalo limasefa. Kuno kumtunda, usiku wa chilimwe mphepo ikaleka, ng'oma za gule zimamveka kuchokera kutsidya kwa dambo, mudzi woti kuyenda pansi ungatuluke thukuta. Chimene chimafika pakhomo ndi mdidi wa mawu aakulu okha. Kuwomba m'manja, maseche, nthungululu za amayi, zonsezo zimathera m'njira, chifukwa mpweya, mitengo ya paini ndi zitunda zimameza mawu aang'ono msanga kuposa aakulu. Ukamayandikira bwalo, mawu akuthwa aja amabwerera limodzilimodzi, ngati wina akutsegula chitseko pang'onopang'ono. Kutsegula kumeneko ndiko ndinkafuna kuti kukhale pansi pa chala changa.

Zipangizo ndidakazipeza kwa amisiri ena okonza mawailesi pa msika, bambo achikulire a magalasi omanga ndi waya. Mafoni adawalanda makasitomala ambiri, moti masiku ano amakonza matochi, masola ndi timasipika ta memori kadi. Koma kuseri kwa benchi yawo kuli manda a mawailesi: a makaseti awiri, a matabwa, ngakhale ya Nzeru imodzi, ija inkalumikizidwa konkuno ku Malawi, imene amakana kugulitsa. Magetsi akathima amaika chitsulo chowotcherera pa mbaula, ntchito n'kumapitirira.

"Mukufuna kukonza chiyani, achimwene?"

"Sindikukonza, bambo. Ndikupanga."

Nditafotokoza, adavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mukufuna wailesi yosagwira siteshoni, yongolira yokha?" Adaseka mpaka kutsokomola. Koma pofufuza m'katoni adayamba kulankhula ngati akudziuza okha. Adati masiteshoni onse ali mumlengalenga muno nthawi imodzi, a Lilongwe, a Blantyre, ndi a ku Mozambique omwe, poti malire ali pamphuno pomwepa. Singano ya wailesi siitana siteshoni. Imakana ena onse kuti patsale imodzi. "Wailesi yomva zonse timaiti yafa." Adandipatsa voliyumu ya wailesi ya kaseti, ija ya mbali ziwiri pa mtengo umodzi, kachipi kokuza mawu kolembedwa 4558, ndi timakapasita tofiirira, tozungulira ngati mphodza, tolembedwa 103. Zonsezo mtengo wake sudafike pa mbale ya tchipisi cha pa chiwaya.

Mmene sefa yamagetsi imagwirira ntchito, mlimi wa kachewere wa m'dimba angamve msanga kuposa mwana wa fomu 4. Tiyerekeze ngalande yopapatiza imene imathira madzi m'kathamanda. Munthu akamatsegula ndi kutseka kumtunda mosafulumira, madzi a m'thamanda amakwera ndi kutsika motsatira dzanja lake. Koma akamatsegula n'kutseka mothamanga, kambirimbiri, thamanda silisuntha n'komwe: lisanadzaze watseka kale, lisanaphwe watsegulanso. Rezisita ndiyo ngalande, kapasita ndilo thamanda. Mawu aakulu amanjenjemera modekha, ndiye amadutsa. Aang'ono amathamanga kwambiri, ndipo amathera m'thamandamo. Ngalande ikapapatizidwa, kapena thamanda likakula, malire amatsika, mawu ambiri n'kutsalira.

Malirewo amawerengeka. Nambala ija 103 imatanthauza ma nanofarad 10. Kapasita yotere ikakumana ndi rezisita ya ma ohm 10,000, ya mizere yofiirira, yakuda ndi yalalanje, sefa imayamba kuluma pa kunjenjemera pafupifupi 1,600 pa sekondi. Rezisita ikakhala ya 100,000, malire amatsikira pafupi ndi 160, kumene kumatsala besi yekha. Voliyumu ya wailesi ndi rezisita yosinthika, motero kuipotokola ndi kusuntha malire pakati pa malo awiriwa ndi kupyola apo. Vuto n'lakuti ngalande imodzi ndi thamanda limodzi ndi sefa ya maso aakulu. Kupyola malire, liwu likakwera kawiri mphamvu yake imangotsika ndi theka. Misere yambiri imapulumuka. Amayi osinja amadziwa mankhwala ake: kusefa kawiri.

Robert Moog, wa ku New York, adasefa kanayi. Adasanja mathiranzisita awiriawiri, kapasita pakati pa gulu lililonse, moti chojambula chake chimaoneka ngati makwerero, ndipo anthu amachitchula motero mpaka pano. Boma la America lidamulembera umwini wa luso limeneli mu 1969, ndipo chaka chotsatira makwererowo adalowa mu makina ake oimbira otchedwa Minimoog. Pa masefa anayi, liwu likakwera kawiri pamatsala gawo limodzi mwa magawo 16. Nzeru yake ina idali yoti malire azisunthidwa ndi mphamvu ya magetsi m'malo mwa dzanja, kuti sefa izitseguka ndi kutsekeka yokha pa liwu lililonse, monga mmene pakamwa pa agogo pankachitira. Koma makwerero amafuna mathiranzisita ofanana ngati mapasa, ndipo m'manda a mawailesi mapasa ndi osowa. Ndidatsata njira ya amphawi, imene R. P. Sallen ndi E. L. Key adalemba mu 1955 ku Lincoln Laboratory: masefa awiri ndi chokuzira mawu chimodzi. Sefa ya makina a Korg MS-20 a mu 1978, amene oimba amawalirira mpaka lero, ndi ya banja lomweli.

Pa pepala ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ine idanditengera masabata atatu. Tsiku loyamba sipadamveke kanthu. Lachiwiri padamveka kung'ung'udza kokhakokha, kuja kwa magetsi a m'nyumba amene amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo ndikayandikitsa dzanja kunkakula, thupi langa litasanduka mlongoti. Kenaka ndidatembenuza mabatire, ka 4558 kadatentha ngati mbatata yootcha, ndipo ndidabwerera kumsika mutu uli pansi. Amisiri sadandinyoze. Adatenga bolodi langa, n'kuliyang'anitsitsa pa dzuwa, n'kuloza malo amodzi pamene mtovu udaundana ngati ndowe ya mbuzi m'malo moyenderera. "Apa mudathamanga. Tenthetsani mwendo ndi bolodi, mtovu ubwere wokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mwambi umenewo ndidaumva kambirimbiri kusukulu, koma sindidauganizirepo kuti nkhono imabweza maso ukangoigwedeza. Waya wosagwira bwino amachita chimodzimodzi: ukamufufuza mwaukali amagwira, ukachoka amasiya.

Usiku umene zidatheka kunja kudali nkhungu, ija imatsika m'phiri la Dedza n'kuphimba tauni yonse. Ndidalumikiza bemberezi uja ku sefa, voliyumu ili kumapeto. Sipika idangoti mmm, pansipansi, ngati ng'ombe ili m'khola la kutali. Ndidapotokola pang'ono. Anapiye adayamba kutuluka mmodzimmodzi, liwu lidayera, lidatsegula pakamwa, mpaka bemberezi adabwerera yense. Ndidabwezanso. Uuu, aaa, uuu. Tsitsi lidandiimirira, chifukwa m'kachipinda mwanga mudamveka munthu.

Padatsala chinthu chimodzi, ndipo ndicho chimapatsa sefa moyo. Ukatenga gawo la mawu otuluka n'kuwabwezera m'kati, sefa imayamba kukometsa mawu a pamalire penipeni, aja ali pafupi kutayidwa. Amakwera kuposa anzawo onse. Ukamasuntha malire, umamva anapiye akuitanidwa mayina mmodzimmodzi, monga nkangala imachitira. Ndimadabwa nazo mpaka lero kuti sefa imaimba kwambiri pamalo pamene ikukana. Koma pali muyeso. Pa sefa ya mtundu wanga, kachipi kakakuza mawu kufika katatu, sefa imasiya kumvera aliyense n'kuyamba kuliza likhweru lake, ngakhale utachotsa cholira. Ndi zomwe zija zimachitika kutchalitchi, wolengeza akaima ndi maikolofoni kutsogolo kwa sipika, mpingo wonse n'kugwira makutu. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Amisiri adandipatsa madayodi awiri oti azigwira likhwerulo pakhosi likafuna kupyola, ndipo madayodiwo adabweretsa kakusasa kena m'mawu, kamene poyamba ndinkafuna kukachotsa.

Apa m'pamene mwambi wa pusi udayamba kundivuta. N'kosavuta kutamanda sefa uli wokhuta. Timakonola chimanga, timapeta, timaviika, timasefa, kuti nsima iyere ngati ya alendo, madeya n'kupatsa nkhumba. Koma a zaumoyo akhala akutiuza kuti mgaiwa ndiwo uli ndi chakudya, ndipo amene adaona njala ya 2002 akukumbukira madeya omwewo akugulitsidwa pa mbale, anthu ali pa mzere. Chaka chomwecho William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene adayamba ndi kumasula mawailesi, adaimika makina ake a mphepo kuchokera ku zitsulo zimene ena adataya. Sefa yanga yomweyi, chiwalo chilichonse ndi madeya a munthu wina. Nako kunja zidachitikapo: kampani ya Roland idatulutsa TB-303 mu 1981 kuti izilira ngati gitala ya besi, oimba adaikana, idagwa mtengo m'masitolo a zakale, mpaka anyamata a ku Chicago adaitola, n'kupotokola sefa yake mopyola muyeso, ndipo pofika 1987 padabadwa mtundu wa nyimbo wotchedwa acid house.

Khutu lathu nalo silidagwirizanepo ndi mabuku a mainjiniya pa nkhani ya chimene chili chinyalala. Opanga valimba ku Nsanje amaboola zikwa za pansi pa matabwa ake n'kumatapo kachikopa ka mazira a kangaude, dala, kuti liwu lizinzerezera. Mabadza a mganda ndi chimodzimodzi. Pa kalimba timamangirira tizitsekerero ta mabotolo. Mzungu woyeza ndi mita angati mawu awonongeka, pamene mwini wake akuti tsopano ndiye adzuka. Madayodi aja ndidawasiya pa bolodi.

Ndimaganizanso za ankhoswe. Banja likayaka moto, mawu sayenda okha kuchoka kwa mkazi kupita kwa mwamuna; amadzera mwa ankhoswe, amene amachotsa minga, n'kufikitsa zimene mnzakeyo angathe kumeza. Mabanja ambiri alipo lero chifukwa cha sefa imeneyo, ndipo ndimaipatsa ulemu. Koma ndidakhalapo pa bwalo lina pamene dandaulo la mayi wina lidasefedwa, n'kusefedwanso, mpaka pofika kwa akuluakulu padangotsala mmm wofatsa uja, woti banja ndi kupirira. Mawu akuthwa amene adatayidwa m'njira ndiwo adali nkhani yeniyeniyo. Pusi adagwa chifukwa chofuna zonse, inde. Koma mwambiwu sunena kuti amene adamusankhira chipatso choti agwire ndani. Pa bolodi langa, chala chimene chili pa voliyumu ndi changa, ndipo ndikatseka mopyola ndimatha kubweza.

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu July madzi a mu ndowa amaluma zala. M'mawa wina wotere ndidayatsa makina anga ndisanamwe tiyi, ndipo ndidapeza likhweru lasamuka. Usiku ndidalisiya likugwirizana ndi liwu la cholira. Tsopano ziwirizo zinkakokana ngati makwaya awiri pa maliro amodzi. Sindidakhudze kanthu. Mlandu udali wa timakapasita tofiirira tija. M'kati mwake muli mtundu wa dothi lootcha m'ng'anjo, wachibale wapatali wa makapu a ku Dedza Pottery, ndipo totchipa totere timasintha kukula kwa thamanda kukazizira kapena kukatentha. Amisiri adandichenjezapo, n'kundipatsa ena obiriwira, a pulasitiki, amene sasamala za nyengo. Ndidawasunga m'bokosi la machesi.

Ndili m'kati mofunafuna bokosilo, mwana uja adalowa ndi mbaula, atafunda chitenje mpaka kumutu. Adamvetsera pang'ono, nkhope itakwinyika. Kenaka adaika mbaula pansi pa tebulo, adanyamula bolodi ndi manja awiri monga amanyamulira mwanapiye wonyowa, n'kuliyandikiza ku moto.

"Iwe, usungunula mawaya!"

"Dikirani, malume. Chikufuna kuwamba. Si mmene amachitira ndi ng'oma?"

Tidakhala chete tonse awiri. Makala ankathetheka. Likhweru lidayamba kuyenda pang'onopang'ono, kukokana kuja kukucheperachepera, mpaka mawu awiriwo adagonerana. Mwanayo adabweza bolodi pa tebulo, adakhala pa mpando wanga osapempha, n'kuika chala pa voliyumu. Milomo yake inkatseguka ndi kutsekeka motsatira dzanja, iye osadziwa. Bokosi la machesi ndidalipeza m'thumba la jekete, ndipo ndidalisiya momwemo n'kupita kukatereka madzi a tiyi.